Kucheza ndi waluso: zimene timafunsa, zimene timasiya, ndi kumene mawuwo amakathera

Woyimba akamwalira kuno kwathu, tsiku lomwelo wina kunyumba youlutsira mawu amayamba kusakasaka mawu a malemuwo kuti awaulutse madzulo pakati pa nyimbo zawo. Kwa akuluakulu otchuka ngati Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu Januwale 2021, kapena Lucius Banda, amene anamwalira pa 30 Juni 2024, kanthu kamapezeka ndithu, pakuti anthuwa ankaitanidwa kawirikawiri. Koma kwa woyimba banjo wa pamsika, kwa mayi woumba mbiya, kwa wosema ziboliboli amene manja ake adyetsa banja zaka makumi anayi, nthawi zambiri sipapezeka ngakhale liwu limodzi. Ndipo ngakhale kwa otchukawo, mukamvetsera bwino macheza amene atsala, mupeza kuti anafunsidwa kumene anabadwira, mavuto amene anakumana nawo, za ndale, za banja, ndi tsiku lotulutsa chimbale chatsopano. Funso loti nyimbo yakutiyakuti inapangidwa bwanji, chinayamba n'chiyani pakati pa mawu ndi mang'ombe, ndime iti inatayidwa ndipo chifukwa chake chinali chiyani, limeneli silimveka kawirikawiri.

Ine chimandipweteka ndi chimenechi. Nyimbo ikhoza kutsala, chiboliboli chikhoza kutsala, koma njira imene mwini wake anadzera kuti afike pamenepo imalowa naye m'manda ngati palibe amene anakhala naye pansi n'kumufunsa.

Macheza si amtundu umodzi

Macheza ambiri amene timamva pa wailesi ndi otsatsa malonda, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Woyimba ali ndi phwando Loweruka, akufuna anthu abwere. Wailesi ikufuna omvera. Onse awiri ali ndi mphindi khumi. Mu mphindi khumi simungafunse zakuya, ndipo mlendoyo amabwera ndi mayankho okonzeratu amene wawanena kale kwina katatu sabata yomweyo.

Pali macheza ena ofukula mbiri ya moyo wa munthu. Kale kwambiri, mu Januwale 1942, wailesi ya BBC inayamba pulogalamu yotchedwa Desert Island Discs, imene ikuulutsidwabe mpaka lero. Mlendo amasankha nyimbo zisanu ndi zitatu zimene angapite nazo pachilumba chopanda anthu, ndipo nyimbo iliyonse imatsegula khomo la nkhani ina ya moyo wake. Amene amaonera Cruise 5 pa Zodiak, pamene mlendo amasankha nyimbo zisanu, azindikira msanga nzeru yake. Munthu amene angaume pakamwa mutamufunsa mwachindunji za imfa ya amayi ake, amamasuka yekha nyimbo imene ankaimva kunyumba kwawo ikangolira. Macheza otere ndi amtengo wapatali, koma amatiuza za munthuyo kuposa za ntchito ya manja ake.

Mtundu wosowa ndi wachitatu, wofunsa za luso lenilenilo. Magazini ya The Paris Review inayamba kuchita zimenezi mu 1953, ndipo woyamba kucheza naye anali mlembi wa ku England, E. M. Forster. Chinua Achebe anapezekamo mu 1994. Kachitidwe kawo n'kosiyana ndi ka mtolankhani wa tsiku ndi tsiku. Wofunsa amayamba wawerenga zonse zimene mlembiyo analemba. Amakumana naye kangapo, mwina motalikirana miyezi. Akalemba zimene anakambirana, amazitumiza kwa mlembiyo kuti akonze, achotse, awonjezere. Atolankhani ena amaipidwa ndi zimenezi, ati n'kupatsa mlendo mpeni woti adzisemere yekha chithunzi chake. Akunena zoona. Koma cholinga cha macheza otere sikugwira munthu pakamwa. Cholinga n'choti afotokoze ntchito yake molondola monga angathere, ndipo munthu amene akudziwa kuti adzaona mawu ake asanatuluke amalimba mtima kunena zimene akanabisa. Wowerenga angofunika kudziwa kuti zimene akuwerengazo zinadutsa m'manja awiri.

Anyamata awiri a ku Chileka

Chitsanzo chabwino koposa cha macheza a mtundu wachitatuwu tili nacho konkuno, ngakhale kuti ambiri sitichiona choncho. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi anyamata awiri apachibale akuimba mumsewu mu Blantyre, Daniel ndi Donald Kachamba, ochokera m'mudzi wa Singano ku Chileka. Banja lawo linakhalapo ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ndipo kumeneko n'kumene anatola nyimbo za kwela zimene zinkachokera m'makomboni a ku Johannesburg. Kubik sanangowajambula n'kupita. Anabwerera, n'kubwereranso, kwa zaka zoposa makumi atatu. Anaphunzira Chichewa. Mapeto ake anayamba kuimba nawo m'gulu la Donald, n'kumayenda nalo m'mayiko ambiri.

Chimene chinatuluka m'kucheza kwautali koteroko ndi zinthu zimene macheza a mphindi khumi sangazipeze. Tikudziwa kuti Daniel ankachotsa nsambo imodzi pagitala yake n'kumaimba ndi zisanu. Tikudziwa kuti chala chachikulu chinkagwira ntchito ya besi pamene chamkombaphala chikuyendetsa nyimbo, mwakuti womvera amayesa kuti akuimba anthu awiri. Tikudziwa kuti chitoliro cha kwela sachigwira ndi milomo yokha ngati mwana wasukulu: amachilowetsa m'kamwa ndithu, mopendekera kutsaya, ndipo n'chifukwa chake chimalira mokhuthala ndi mopindika kusiyana ndi mmene anachipangira kufakitale. Zoterezi woyimba sakuuzani mukamufunsa kuti "tatiuzani za mbiri yanu." Kwa iye ndi zinthu wamba, ngati mmene mayi sakuuzirani kuti amavundula nsima cha kumanja kapena cha kumanzere. Zimatuluka pokhapokha wofunsayo atagwira gitala iyemwini, n'kulephera, mwini wake n'kuseka n'kunena kuti ayi, chala ichi chiike apa.

Buku la Kubik lonena za gulu la abale a Kachamba linasindikizidwa ku Zambia mu 1974. Daniel anamwalira mu 1987. Chaka chomwecho University of Malawi inatulutsa buku lina lounika nyimbo za m'Malawi limene Kubik analemba mothandizana ndi Donald Kachamba, Moya Aliya Malamusi ndi Lidiya Malamusi. Apa ndi pamene pali phunziro lalikulu kwa ine: amene poyamba anali ofunsidwa anasanduka ofunsa. Moya Malamusi anadzakhala katswiri wofufuza payekha, n'kukhazikitsa ntchito yosonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zida zoimbira ku Chileka komweko. Donald anakaphunzitsa nyimbo zake ku University of California ku Los Angeles mu 1999, asanamwalire kumayambiriro kwa 2001.

Tiyerekeze ndi amene anabwera kale Kubik asanafike. Katswiri wina wofufuza za nyimbo za mu Africa, Hugh Tracey, anayenda m'Nyasaland ndi galimoto yodzaza makina ojambulira mawu mu 1950, 1957 ndi 1958. Anajambula bangwe, mangolongondo, nyimbo za pamtondo, ng'oma za magule osiyanasiyana, ndipo popanda iye mawu ambiri a agogo athu akanatayika. Zimene anasonkhanitsa zili ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo lero ili pa Rhodes University ku Makhanda, ku South Africa. Koma Tracey anali paulendo wothamanga. Pa nyimbo iliyonse analemba dzina la woyimba, mtundu wake, dera, ndi mawu ochepa ofotokoza tanthauzo. Timamva bangwe akulira mokoma, koma mwini wake sitimumva akufotokoza amene anamuphunzitsa, mtengo umene anasema, kapena chifukwa chimene anachunira nsambo zake motero. Tracey anatisungira nyimbo. Kubik anatisungira nyimbo ndi woyimba yemwe.

Zaka za kulankhula mokuluwika

Pali chifukwa china chimene macheza akuya ali osowa kwathu kuno, ndipo achinyamata ambiri sachidziwa. Kuyambira 1964 mpaka zipani zambiri zitabwera, wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo kanema wa boma anadzayamba mu 1999. Lamulo lounika mabuku, masewero ndi zosangalatsa linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo bungwe la Censorship Board linali ndi mphamvu yoletsa chilichonse. M'nthawi yotere funso loti "munatanthauzanji m'ndime iyi?" silinali funso la luso chabe. Linali msampha. Alakatuli ndi oyimba anaphunzira kubisa nkhani m'mikuluwiko, m'nthano za Kalulu ndi Nadzikambe, m'mayina a mapiri ndi mizimu, ndipo mkuluwiko umagwira ntchito pokhapokha mwini wake asaumasulire pagulu.

Gulu la alembi la pa Chancellor College, limene linayamba mu 1970, linali malo amene macheza enieni a luso ankachitika: wina awerenga ndakatulo yake, anzake n'kuisenda mzere ndi mzere. Koma amenewo anali macheza a m'chipinda, osati oulutsa. Jack Mapanje, mmodzi wa oyambitsa gululo, anamangidwa mu Seputembala 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ali m'ndendemo, mu 1989, ku Bayreuth ku Germany kunatuluka buku la macheza ndi alembi a ku Malawi ndi ku Lesotho limene anasonkhanitsa Bernth Lindfors. Powerenga macheza alionse a m'zaka zimenezo, muziwerenga ndi makutu awiri, lina lomva zimene zanenedwa, lina lomva zimene azilambalala.

Chizolowezi chimenecho sichinathe tsiku limodzi. Mbadwo wonse wa atolankhani unakula ukudziwa kuti mafunso abwino ndi opepuka, ndipo mbadwo wonse wa aluso unakula ukudziwa kuti yankho labwino ndi lothokoza Mulungu ndi omvera. Ufulu utabwera, mafunso anathamangira kundale ndi kumiseche, kumene kunali njala yaikulu. Luso linatsalanso pambuyo.

Ndalama za ndani, chilankhulo cha ndani

Mwina mwaona kale kuti pafupifupi zonse ndatchulazi zinalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chijeremani, ndipo zambiri zikusungidwa kunja. Si kwa ife tokha. M'zaka za m'ma 1960 ku London kunali Transcription Centre, yoyendetsedwa ndi Dennis Duerden, imene inajambula macheza ndi alembi ambiri a mu Africa n'kumatumiza matepi ku mawailesi osiyanasiyana. Chifukwa cha ntchito imeneyo tili ndi mawu a mlakatuli wa ku Nigeria, Christopher Okigbo, amene anaphedwa pankhondo ya Biafra mu 1967 akadali wamng'ono. Pambuyo pake zinaululika kuti ndalama zina zoyendetsera malowo zinkachokera ku bungwe la akazitape la America, CIA, kudzera m'mabungwe ena. Matepiwo sanasanduke abodza chifukwa cha zimenezo, koma n'zoyenera kufunsa nthawi zonse kuti amene walipira makinawo akufuna kumva zotani, ndipo wasankha kucheza ndi ndani n'kusiya ndani.

Kawirikawiri osiyidwa ndi olemba ndi oyimba m'zilankhulo zathu. Ambirife tinakula ndi mabuku a Samuel Josia Nthara, John Gwengwe, E. J. Chadza ndi Willie Zingani kusukulu. Ndi angati a ife anamvapo mmodzi wa iwo akufotokoza mmene ankasankhira mwambi woyenera pamalo pake, kapena mmene ankalimbanirana ndi akonzi pa kalembedwe ka mawu? Ndiponso waluso akakakamizika kufotokoza ntchito yake m'chilankhulo chachiwiri, amachepa. Woumba mbiya amene m'Chichewa angakuuzeni kusiyana kwa dothi la mtapo uwu ndi la mtapo uwo, lina lonona, lina lamchenga, lina long'aluka likaona moto, m'Chingerezi angonena kuti amagwiritsa ntchito dothi labwino. Mawu a luso ali m'chilankhulo chimene analiphunzirira.

Kafunsidwe kake

Tsiku lina ndinapita kukacheza ndi bambo wina wachikulire wosema ziboliboli m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinanyamula pepala la mafunso khumi ndi asanu. Titapatsana moni ndinayatsa makina n'kuyamba: "Bambo, luso limeneli limatanthauza chiyani kwa inu?" Anandiyang'ana mwaulemu n'kuyankha kuti ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Funso lachiwiri, yankho lofanana nalo. Pasanathe theka la ola pepala linatha, ndipo m'makinamo munalibe chilichonse chimene wina sakanatha kulosera. Kulakwa kunali kwanga. Ndinabwera ngati wapolisi, osati ngati mlendo.

Nditazimitsa makina, ndinaona chipika cha phingo chosemedwa theka chili potero, chitaikidwa padera. Ndinangofunsa kuti, "Nanga ichi mwachisiyiranji, bambo?" Anadzuka, n'kuchitembenuza, n'kundionetsa mng'alu waung'ono umene unadutsa pamene panayenera kukhala khosi. Kuchoka pamenepo analankhula mpaka dzuwa kupendeka: mmene amamvera ndi kasemasema kuti mtengo uli ndi mphako mkati, chifukwa chake phingo yeniyeni yasowa moti ena amadetsa mitengo ina ndi polishi, mmene alendo ogula anasinthira maonekedwe a zinthu zimene amasema pakuti amafuna zolowa m'chikwama, ndi malume ake amene ankamumenya pazala akagwira chida molakwika. Mwamwayi anandilola kuyatsanso makina aja.

Chimene ndinatolapo n'choti waluso amayankha bwino funso lokhudza chinthu chimene chili pamaso pake kuposa funso la m'malere. Mufunseni za nyimbo imodzi, osati za nyimbo zake zonse. Mufunseni za chimene chinakanika, pakuti pamenepo m'pamene nzeru zake zimaonekera. Ndipo pa chikhalidwe chathu munthu wamkulu sapanikizidwa ndi mafunso otsatizana ngati ali pabwalo la milandu. Mawu akuti kucheza ali ndi tanthauzo lake: mumakhala pansi, mumayamba ndi za mvula ndi za kumudzi, mumalola kuti pakhale chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa wailesi chete amaopedwa, ndipo wofunsa amathamangira kudzaza mpatawo ndi mawu ake, pomwe nthawi zambiri mawu abwino amabwera chete atadutsa.

Palinso malire oyenera kuwalemekeza. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo ku KuNgoni ku Mua, malo amene anakhazikitsidwa mu 1976, kuli zigoba zambiri zosungidwa pamodzi ndi matanthauzo ake. Komabe pali zinthu za kudambwe zimene wolowa sanena kwa wosalowa, ndipo wofunsa amene akukakamira pamenepo akuika mnzakeyo pamavuto amene iye sadzawaona akabwerera kutauni. Munthu akati "izi sitinena," limenelonso ndi yankho, ndipo liyenera kulembedwa momwemo.

Ndiyenera kunenanso za chizolowezi china chimene chakula masiku ano, chofunsa aluso okalamba za umphawi wawo wokha. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu, atatchukanso pa intaneti kutsatira nyimbo zimene anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020, dziko lonse linayamba kukamba za zaka zawo ndi za ndalama zimene sanalandire. Nkhani ya ndalamayo ndi yoona ndipo iyenera kukambidwa. Koma munthu amene wagwira gitala ndi banjo kuyambira nthawi ya atsamunda ndi nkhokwe ya maimbidwe a zaka makumi asanu ndi awiri. Kumuitana kuti adzangotimvetsa chisoni n'kumuchepetsa.

Mawu ajambulidwa, tsono ndi a ndani?

Macheza akatha pamabuka nkhani imene ambiri saiganizira poyamba. Malawi ali ndi lamulo loteteza umwini wa zaluso la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likugwira ntchito kuyambira 1992. Koma macheza amasokoneza pang'ono, pakuti muli zinthu zingapo pamodzi: mawu a wofunsidwa, mafunso ndi kakonzedwe ka wofunsa, tepi kapena fayilo imene ili m'manja mwa wojambula, ndiponso nyimbo kapena ndakatulo imene mlendoyo waimba kapena kulakatula mkati mwa machezawo. Woyimba akaimba nyimbo yatsopano pa podikasiti yanu, sikuti wakupatsani nyimboyo. Ndipo mukaika chidutswa cha chimbale chake pa YouTube, makina a kumeneko angathe kuchizindikira n'kutumiza ndalama za malonda kwa kampani imene inalembetsa nyimboyo, imene mwina si woyimbayo n'komwe. Njira yachilungamo ndi yosavuta: kumayambiriro kwa tepi, mlendoyo anene ndi pakamwa pake kuti walola kujambulidwa, zikaulutsidwa kuti, ndi zimene sakufuna kuti zituluke akadali moyo. Akatero, apatsidwe kope yakeyake, iye ndi banja lake. Ntchito yobwezera nyimbo zimene Tracey anajambula kumidzi kumene zinachokera inadzayamba patapita zaka zambiri.

Kusunga nakonso ndi nkhani. Matepi akale amamatirira ndi kuchita nkhungu m'nyengo yathu yachinyezi, ndipo makina owaseweretsa akusowa. Tikhoza kuganiza kuti za pa intaneti n'zotetezeka, koma ayi. Kuyambira mu Febuluwale 2025, Facebook imafufuta makanema oulutsidwa pompopompo pakatha masiku 30 ngati mwini wake sanawatsitse, pomwe macheza ambiri ndi aluso athu akuchitikira kumeneko. Foni imabedwa, tsamba limatsekedwa, wailesi imasamuka n'kutaya makompyuta akale. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947, ndipo wosindikiza buku amayenera kupereka kope kumeneko. Fayilo ya podikasiti ilibe woikakamiza kupita kulikonse. Yemwe wajambula macheza abwino awasunge m'malo awiri kapena atatu osiyana, alembepo dzina, tsiku ndi mudzi, ndipo ngati angathe awalembe papepala m'chilankhulo chomwecho chimene analankhulidwa, osakonza Chichewa cha wolankhulayo kuti chifanane ndi cha m'buku. Kalankhulidwe ka ku Nsanje kasiyidwe ka ku Nsanje.

Makina amene Tracey ankadzaza nawo galimoto lero ali m'thumba mwa mwana aliyense wa sekondale. Pamsika wa kwanu mwina pali gulu la anyamata kapena madala oimba banjo yopangira kunyumba ndi babatoni wa nsambo imodzi. Gulu lililonse limachuna mwa njira yakeyake, ndipo kachunidwe kalikonse kali ndi amene anakabweretsa m'deralo. Mukawaponyera ndalama n'kuwafunsa kuti anayamba liti kuimba, akuuzani chaka. Mukakhala pansi mpaka anthu atachepa, n'kuloza nsambo yachitatu n'kufunsa kuti waya ameneyu anachokera kuti, mudzamva za buleki ya njinga, za chikopa cha mbuzi chimene anachiwamba pamoto m'mawa womwewo kuti chikungike, ndi dzina la munthu wakumudzi wina amene anaphunzitsa onsewo.